Kumasula asilikali a m'thupi kuti amenyane ndi khansa

Aliyense amene ankalowa m'zipatala zathu kukazonda matenda m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sangaiwale zotupa zakuda zimene zinkatuluka m'miyendo, m'kamwa ndi kumaso kwa anthu amene kachilombo ka HIV kanali katawafoola. Imeneyo ndi khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, ndipo m'chaka cha 1994 akatswiri awiri, Yuan Chang ndi Patrick Moore, anapeza kuti imayambitsidwa ndi kachilombo kena kamene anthu ambiri a m'chigawo chino cha Africa amakhala nako moyo wawo wonse popanda kudwala. Chimene chimaletsa kachilomboko kubala khansa ndi asilikali a m'thupi, ndipo HIV ikawapha asilikaliwo, khansayo imapeza mpata. Boma litayamba kugawa ma ARV aulere m'chaka cha 2004, madokotala athu anaona zimene anzawo a kunja anali ataona kale, kuti mwa odwala ena amene khansayo inali isanafalikire kwambiri, zotupa zinkaphwa zokha CD4 ikamakwera. Ena ankafunikirabe chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa, koma zinali zitaoneka poyera kuti thupi la munthu lili ndi mphamvu yoletsa khansa ngakhalenso kuibweza m'mbuyo.

Mphamvu imeneyi ndi imene akatswiri a ku America, Japan ndi ku Ulaya akhala akuphunzira kuigwiritsa ntchito mwadala, ndipo njira zochizira zimene zatuluka m'kafukufuku wawo zimatchedwa immunotherapy. Ndimatsatira nkhaniyi mwachidwi, ndipo chimene chimandivuta ndi mmene imafikira kwa ife. Pa WhatsApp imafika ngati uthenga wakuti mankhwala a khansa apezeka ndipo aliyense achira tsopano. M'misika ndi pa Facebook imafika kudzera mwa ogulitsa timabotolo ta zitsamba ndi ufa, amene amati katundu wawo amakweza chitetezo cha m'thupi mpaka khansa kuthawa. Zonse ziwirizi n'zabodza, ndipo bodza lachiwirili limapha, chifukwa mayi amene akanachira akanachitidwa opaleshoni msanga amataya miyezi akumwa zosathandiza. Zimene zachitikadi n'zazikulu, koma zili ndi malire ake: anthu ochepa zimawachiritsa modabwitsa, ambiri siziwathandiza, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana kotheratu ndi kukweza chitetezo kumene ogulitsa aja amalalikira.

Chimene chimavutitsa n'chakuti khansa si mlendo m'thupi. Tizilombo ta malungo kapena ta TB timachokera kunja, ndipo asilikali a m'thupi amadziwa kuti si athu. Selo la khansa ndi selo la mwini thupi limene DNA yake yawonongeka mpaka layamba kugawikana mosalekeza, pamene asilikali otchedwa maselo a T amasankhidwa ndi kuphunzitsidwa kuti asamaphe maselo a thupi lawo lomwe. Komabe DNA yowonongekayo imachititsa selo kupanga mapuloteni olakwika, ndipo tizidutswa ta mapuloteniwo timaonekera kunja kwa selo, kumene selo la T lodutsa lingathe kutizindikira n'kupha selo lodwalalo. M'zaka za m'ma 1950, Macfarlane Burnet wa ku Australia ndi Lewis Thomas wa ku America ananena kuti asilikali a m'thupi amalondera ndi kupha maselo otere khansa isanakule. Umboni wina unachokera kwa anthu amene anaikidwa impso ya munthu wina: iwowa amamwa mankhwala ofoola chitetezo kuti thupi lisakane impsoyo, ndipo amadwala khansa ya pakhungu mochuluka kwambiri kuposa anthu ena. Zikatero ndiye kuti chotupa chimene dokotala amachipeza ndi chimene chinapulumuka kale, chimene chinapeza njira yobisalira kapena yogonetsera asilikaliwo.

Mmodzi mwa oyamba kuyesa kudzutsa asilikaliwo anali dokotala wa maopaleshoni wa ku New York, William Coley. Pofufuza m'mabuku a chipatala anapeza nkhani ya wodwala amene chotupa chake chinazimirira atadwala matenda a pakhungu otenthetsa thupi kwambiri, oyambitsidwa ndi mabakiteriya, ndipo m'chaka cha 1891 anayamba kubaya odwala khansa ndi mabakiteriya omwewo. Ena zotupa zinaphwa, ena anamwalira ndi matenda amene anawapatsawo, choncho anasintha n'kumagwiritsa ntchito mabakiteriya ophedwa kale. Anathandiza anthu mazana ambiri, koma sankatha kufotokoza chifukwa chake ena ankachira ndipo ena ayi, madokotala anzake poyesa sankapeza zotsatira zofanana, ndipo radiotherapy, njira yowotcha chotupa ndi makina, itatchuka njira yake inakankhidwira pambali. Njira yofanana nayo imene inakhalitsa ndi ya katemera amene ambiri a ife tili ndi chipsera chake pamkono, katemera wa BCG amene ana amabayidwa akangobadwa powateteza ku TB. M'chaka cha 1976, dokotala Alvaro Morales wa ku Canada anaonetsa kuti kuthira katemerayu m'chikhodzodzo kumaletsa khansa yongoyamba kumene kubwereranso ikachotsedwa, ndipo mpaka lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito. Kwa ife phindu lake n'lochepa, chifukwa khansa ya m'chikhodzodzo imene imabwera ndi likodzo ndi ya mtundu wina ndipo kawirikawiri imapezeka italowa kale m'kati mwa mnofu.

M'zaka za m'ma 1980, Steven Rosenberg wa ku National Cancer Institute ku America anayesa ndendende chimene anthu amatanthauza akamati kukweza chitetezo. Anapatsa odwala puloteni yotchedwa interleukin-2, imene imachulukitsa maselo a T, pa mlingo waukulu kwambiri. Odwala ochepa a khansa ya impso ndi a khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, osafika 10 pa 100 alionse, anachiriratu, koma mankhwalawo ankagwetsa BP, kutupitsa thupi ndi kudzaza madzi m'mapapo moti ankaperekedwa m'zipatala zochepa zokha zokhala ndi zipinda za odwala mwakayakaya. Kwa zaka zambiri pambuyo pake akatemera osiyanasiyana a khansa anayesedwa n'kulephera, ndipo akatswiri ambiri anafika poiona nkhani yonseyi ngati yotaya nthawi.

Kusintha kunabwera pamene anthu ena anasiya kufunsa za kuwonjezera mphamvu n'kuyamba kufunsa chimene chikuwagwira asilikaliwo. Dalaivala wa minibasi angathe kuponda moto mmene angathere, koma ngati handibuleki ili chikokere, amangotentha mafuta ndi kuwononga injini. Maselo a T alinso ndi mabuleki, ndipo alipo pa chifukwa chabwino: nkhondo yolimbana ndi matenda ikatha, asilikali ayenera kuima, apo ayi ayamba kuwononga thupi lomwe. James Allison, amene nthawiyo anali pa yunivesite ya California ku Berkeley, anali mmodzi mwa amene anaonetsa kuti puloteni yotchedwa CTLA-4 ndi buleki yotere, ndipo m'chaka cha 1996 anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti kutseka puloteniyo kunachititsa zotupa kuzimirira mwa mbewa za mu labotale. Chachilendo chinali chakuti mankhwala akewo sankakhudza chotupa ngakhale pang'ono. Ankakhudza asilikali okha. Makampani akuluakulu sanachite nazo chidwi poyamba, mpaka kampani yaing'ono ya Medarex inapanga mankhwala a ipilimumab, amene bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linawavomereza m'chaka cha 2011. Awa anali mankhwala oyamba kuonetsa, m'kafukufuku wamkulu woyerekeza magulu a odwala, kuti angatalikitse moyo wa munthu amene melanoma yamufalikira.

Ku Japan, Tasuku Honjo wa pa yunivesite ya Kyoto anali atapeza puloteni ina, PD-1, m'chaka cha 1992, asakudziwa ntchito yake. Gulu lake litabereketsa mbewa zopanda puloteniyo, mbewazo zinadwala matenda amene asilikali amadya thupi lawo lomwe, ndipo zinadziwika kuti nayonso ndi buleki. Akatswiri ena, monga Lieping Chen ndi Gordon Freeman, anathandiza kupeza mnzake wa puloteniyi, PD-L1, amene akakhudzana ndi PD-1 selo la T limafooka. Apa m'pamene chinyengo cha khansa chinaonekera, chifukwa zotupa zambiri zimadziveka PD-L1 wochuluka, moti msilikali amafika pa chotupa, amachizindikira bwinobwino, koma amagonetsedwa pomwepo asanamenye. Mankhwala otseka PD-1, nivolumab ndi pembrolizumab, anavomerezedwa m'chaka cha 2014, ndipo anaoneka amphamvu kuposa ipilimumab komanso osavulaza kwambiri. Allison ndi Honjo analandira limodzi mphoto ya Nobel m'chaka cha 2018.

Zotsatira zake pa melanoma ndi zimene zimandichititsa kunena kuti nkhaniyi si yokometsera. Kale munthu amene khansa ya pakhunguyi yamufalikira m'ziwalo zina kawirikawiri sankatha chaka. Kafukufuku wotchedwa CheckMate 067, amene anatsatira odwala 945, anafalitsa zotsatira za zaka 10 m'chaka cha 2024: mwa amene analandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi, 43 pa 100 alionse anali akadali moyo. Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa dziko la America, analengeza mu Ogasiti 2015, ali ndi zaka 90, kuti melanoma yamufika m'chiwindi ndi mu ubongo. Anachitidwa opaleshoni, anawotchedwa ndi radiotherapy, analandira pembrolizumab, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anauza anthu kuti makina ounikira sakuonanso khansa. Anamwalira mu Disembala 2024 ali ndi zaka 100. Chimene chimasiyanitsa mankhwalawa ndi chemotherapy ndi kukhalitsa kumeneku. Chemotherapy imapha maselo pa nthawi imene ili m'magazi, ndipo khansa yofalikira kawirikawiri imabwerera itaphunzira kuipirira, pamene maselo a T amakumbukira mdani wawo, moti ena amene anasiya mankhwala zaka zapitazo sanadwalenso.

Funso limene akatswiri akulimbana nalo tsopano n'lakuti n'chifukwa chiyani ena okha. Mbali imodzi ya yankho ndi kuchuluka kwa zolakwika mu DNA ya chotupa. Melanoma yobwera ndi dzuwa ndi khansa ya m'mapapo yobwera ndi fodya zili ndi zolakwika zambirimbiri, choncho zimaoneka zachilendo kwambiri kwa asilikali, ndipo n'zimene zimamvera mankhwalawa. Umboni woonekeratu unachokera ku zotupa zimene zinataya mphamvu yokonza DNA yawo ikalakwika pogawikana, zimene madokotala amazitcha dMMR. M'chaka cha 2017 FDA inavomereza pembrolizumab pa zotupa zofalikira zokhala ndi vuto limeneli posayang'ana chiwalo chimene zinayambira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kenako mu 2022 madokotala Andrea Cercek ndi Luis Diaz a pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, chimene chinakula kuchokera ku chipatala chomwe Coley ankagwirako ntchito, analengeza kuti odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa matumbo a mtundu wa dMMR analandira mankhwala otseka PD-1 otchedwa dostarlimab kwa miyezi 6, ndipo onse 12 chotupa chinazimirira popanda opaleshoni, chemotherapy kapena radiotherapy. Uwu ndi uthenga uja unazungulira m'mafoni athu ngati wakuti khansa yatha. Chimene uthengawo sunanene n'chakuti mtundu umenewu ndi wa odwala osapitirira 10 pa 100 alionse a khansa ya pamalo amenewo, ndipo otsalawo mankhwalawa sawathandiza kwenikweni.

Chiwerengero chimene ndimafuna kuti aliyense azichidziwa chinatuluka m'chaka cha 2019, pamene Alyson Haslam ndi Vinay Prasad anawerengetsa kuti ku America odwala khansa yofalikira pafupifupi 44 pa 100 alionse anali oyenera kulandira mankhwala omasula mabulekiwa, koma amene zotupa zawo zikanaphwa nawo anali pafupifupi 12 kapena 13 okha. Kuchokera nthawi imeneyo chiwerengerocho chakwerako, makamaka chifukwa chophatikiza mankhwalawa ndi chemotherapy ndiponso kuwapereka msanga opaleshoni isanachitike, koma khansa ya kapamba, khansa ya prostate ndi khansa yoopsa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma sizinagwedezeke. Zotupa zimenezi zili ndi zolakwika zochepa, kapena zimadzizinga ndi mnofu wolimba ndi maselo ena ofooketsa asilikali, moti mulibe maselo a T oti amasulidwe.

Kumasula asilikali kulinso ndi mtengo wake m'thupi. Amene amasulidwa kuti amenye chotupa angathenso kumenya matumbo, munthu n'kumatsegula m'mimba koopsa, angamenye mapapo, chiwindi, khungu kapena chithokomiro, ndipo ena amatsala ndi matenda a shuga a moyo wonse kapena kumwa mankhwala a chithokomiro mpaka kalekale. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amamenya mnofu wa mtima ndipo munthu amamwalira. Mwa amene analandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi m'kafukufuku uja wa melanoma, oposa theka anakumana ndi mavuto aakulu. Mankhwala othetsera mavutowa ndi ma steroid, amene amafoola chitetezo. Apa dokotala wa kuno angakhale ndi ntchito yovuta kuposa mnzake wa ku London, chifukwa wodwala wotsokomola ndi kupuma movutikira angakhale ndi kutupa kwa mapapo kobwera ndi mankhwalawa, kapena angakhale ndi TB, ndipo ma steroid amene angapulumutse woyambayo angathe kuwonjezera matenda a wachiwiriyo.

Njira ina, yosiyana ndi kumasula mabuleki, ndi yotenga maselo a T m'magazi a wodwala, kuwasintha mu labotale kuti azizindikira khansa, kuwachulukitsa, n'kuwabwezera m'thupi kudzera mu diripi. Imatchedwa CAR-T. Nzeru yake inayamba ndi Zelig Eshhar wa ku Israel chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa amene anaifikitsa kwa odwala ndi Carl June wa pa yunivesite ya Pennsylvania, amene poyamba ankafufuza za HIV. Chimene chimanyamula malangizo atsopano kukawalowetsa mu DNA ya selo la T ndi kachilombo ka HIV komwe, kamene kachotsedwa mbali zonse zoyambitsa matenda n'kutsala ndi luso lake lolowa m'maselo. Mu Epulo 2012 mtsikana wa zaka 6, Emily Whitehead, amene khansa ya m'magazi inali itamubwerera kawiri, anakhala mwana woyamba kulandira maselowa pa chipatala cha ana ku Philadelphia. Maselowo anamenya mwamphamvu moti thupi linatentha koopsa, BP inatsika, ndipo anaikidwa pa makina opumira. Poyeza magazi anapeza kuti puloteni yotchedwa IL-6 yakwera kwambiri, ndipo June, amene mwana wake ankadwala nyamakazi, ankadziwa mankhwala a nyamakazi otchedwa tocilizumab amene amatseka puloteniyo. Anamupatsa, anatsitsimuka, ndipo khansa sinabwererenso. Lero zipatala zopereka CAR-T zimasunga mankhwala amenewa pafupi.

FDA inavomereza CAR-T yoyamba, Kymriah, mu Ogasiti 2017, pambuyo pa kafukufuku amene ana ndi achinyamata oposa 80 pa 100 alionse, amene mankhwala ena onse anali atawalephera, khansa inazimirira m'miyezi itatu yoyamba, ngakhale kuti ena inawabwerera pambuyo pake. Mtengo wake unali madola 475,000 pa munthu mmodzi. Njirayi yapambana pa khansa za m'magazi ndi lymphoma, khansa ya asilikali a m'thupi omwe, chifukwa maselo a zambiri mwa khansa zimenezi ali ndi chizindikiro chotchedwa CD19, chimene chimapezekanso pa maselo abwino a B okha, asilikali opanga mapuloteni omenyana ndi matenda otchedwa ma antibody, ndipo munthu angathe kukhala moyo popanda maselo a B ngati akupatsidwa ma antibody kudzera mu diripi. Zotupa za m'mawere, m'mapapo ndi m'matumbo zilibe chizindikiro chophweka chotero, ndipo kumeneko CAR-T sinapite patali. Mu 2024 FDA inalamulanso kuti mankhwalawa azikhala ndi chenjezo lakuti mwa anthu ochepa pangathe kubuka khansa yatsopano ya maselo a T.

Za akatemera ndinena mwachidule, chifukwa zambiri zikadali m'kafukufuku. Makampani a Moderna ndi Merck akuyesa katemera wa mRNA, mtundu wa katemera wopatsa maselo malangizo opangira puloteni, wopangidwira munthu mmodzi payekha: amawerenga DNA ya chotupa chake, amasankha zolakwika zofika 34, n'kupanga katemera wophunzitsa asilikali kuzizindikira. Mwa odwala melanoma 157 amene anali atachitidwa opaleshoni, kuwonjezera katemerayu pa pembrolizumab kunachepetsa ndi pafupifupi theka ngozi yakuti khansa ibwerere kapena munthu amwalire. Gululo linali laling'ono, ndipo ine sindingaliike pamzere umodzi ndi zotsatira za zaka 10 zija. Katemera amene wapulumutsa kale anthu ambiri ndi woteteza, osati wochiza: katemera wa HPV, amene dziko la Malawi linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019, ndi wa hepatitis B amene amateteza ku khansa ya m'chiwindi. Kholo limene likukana kubayitsa mwana wake wamkazi katemera waulere wa HPV likukana chinthu champhamvu kuposa mankhwala onse odula amene ndatchula pamwambapa.

Nanga khansa zathu? Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero zimapezeka kwambiri pa dziko lonse, ndipo zonse ziwirizi zimamvera mankhwala otseka PD-1, ngakhale osati ngati melanoma. M'kafukufuku wa KEYNOTE-826, amayi amene khansa ya khomo la chiberekero inawafalikira kapena kuwabwerera anawonjezeredwa pembrolizumab pa chemotherapy, ndipo theka la iwo linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 26, poyerekeza ndi miyezi 17 mwa amene sanawonjezeredwe. Amenewo si machiritso kwa ambiri, koma kwa mayi wa ana aang'ono miyezi imeneyo si yochepa. Abale athu achialubino, amene ambiri amamwalira ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa, amadwala mtundu umene mankhwala otseka PD-1 otchedwa cemiplimab anavomerezedwera mu 2018, ndipo m'kafukufuku wa kunja pafupifupi theka la odwala zotupa zinaphwa. Komano melanoma ya anthu akuda kawirikawiri imamera kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, siyambitsidwa ndi dzuwa, ili ndi zolakwika zochepa mu DNA, ndipo imamvera mankhwalawa mocheperapo, choncho chiwerengero cha 43 chija sitingachitenge ngati chathu. Vuto lina n'lakuti kwa zaka zambiri anthu amene ali ndi HIV sankaloledwa kulowa m'kafukufuku wa mankhwalawa, chikhalirecho kuno ambiri mwa odwala khansa ya khomo la chiberekero, lymphoma ndi Kaposi ali ndi kachilomboko. Kafukufuku waung'ono wa ku America amene anatuluka mu 2019 anaonetsa kuti amene akumwa ma ARV angathe kulandira pembrolizumab popanda ngozi yoposa ya ena.

Chimene chimatseka khomo kwenikweni ndi ndalama. Ku America mlingo umodzi wa pembrolizumab, umene umaperekedwa milungu itatu iliyonse mwina mpaka zaka ziwiri, mtengo wake umaposa madola 10,000, ndipo m'chaka cha 2024 chokha mankhwalawa anabweretsera kampani ya Merck madola oposa 29 biliyoni. Palibe unduna wa zaumoyo wa m'chigawo chathu umene ungagule zimenezi pa mtengo umenewo pamene morphine ndi mankhwala wamba a chemotherapy amasowa. Bungwe la WHO linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019 pa melanoma, ndipo mu 2025 linawonjezera khansa ya khomo la chiberekero, ya m'matumbo ndi ya m'mapapo. Kuikidwa pa mndandanda sikutsitsa mtengo pakokha. Chimene chingatsitse ndi kutha kwa umwini wa kampani pa mankhwalawa, kumene ku America kukuyembekezeka mu 2028, pamene makampani ena adzaloledwa kupanga ofanana nawo.

Kumene ine ndimayang'ana kwambiri ndi ku India, chifukwa madokotala a kumeneko akufunsa mafunso a anthu osauka. Kafukufuku woyambirira wa nivolumab anali ataonetsa kale kuti ngakhale mlingo wochepa umatseka PD-1 wochuluka, koma kampani yogulitsa ilibe chifukwa chofufuzira mlingo wotsikitsitsa. Madokotala a pa chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai anayesa kupereka mamiligalamu 20 okha milungu itatu iliyonse, pamene mlingo wozolowereka ndi 240 milungu iwiri iliyonse, pamodzi ndi mapiritsi otchipa a chemotherapy, kwa odwala 151 a khansa ya m'kamwa ndi kukhosi. Amene anali moyo patatha chaka anali 43 pa 100 alionse, poyerekeza ndi 16 mwa amene anamwa mapiritsi okha. Kafukufukuyu sanayerekeze mlingo wochepa ndi wathunthu, choncho sakutsimikiza kuti ndi zofanana, koma kwa munthu amene sakanalandira kalikonse funso limenelo silofunika kwambiri. Chipatala chomwecho, mogwirizana ndi sukulu ya IIT Bombay, chinapanga CAR-T yawoyawo, NexCAR19, imene boma la India linavomereza mu Okutobala 2023 pa mtengo wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa ku America.

Kuno kwathu ntchito yotere inayambikapo. Pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, madokotala ogwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya North Carolina anayesa mtundu wotchipa wa rituximab, antibody imene imamatirira pa maselo a lymphoma kuti asilikali a m'thupi awaphe, ndipo mu 2021 anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti ingaperekedwe bwino pamodzi ndi chemotherapy kwa odwala a ku Malawi, kuphatikizapo amene ali ndi HIV. Mankhwala amenewa ku America anavomerezedwa mu 1997, ndipo mpata wa zaka 24 umenewo ndi umene sindikufuna kuti ubwerezedwe. Chimene chinatheketsa kafukufuku wa ku Lilongwe chinali labotale yotha kuunika kachidutswa ka chotupa n'kunena motsimikiza mtundu wa lymphoma, chifukwa rituximab amagwira ntchito pa maselo okhala ndi chizindikiro cha CD20 chokha. Mankhwala otseka PD-1 adzafuna zomwezo. Mtengo ukadzatsika, dziko losauka silidzatha kupatsa aliyense, lidzayenera kusankha amene angapindule kwambiri, ndipo oyamba pamzerewo ndi a zotupa za dMMR za m'matumbo ndi za m'chiberekero. Kuwapeza sikufuna makina owerengera DNA. Kumafuna kachidutswa ka chotupa kosungidwa bwino kuchokera m'chipinda cha opaleshoni, mankhwala anayi opaka oonetsa mapuloteni a MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2, maikulosikopu, ndi dokotala wounika minofu amene ali ndi nthawi yoyang'ana, ndipo madokotala oterewa m'Malawi ndi owerengeka kwambiri.